Galimoto ya chifuwa cha Bwanamkubwa

Lamulungu, 9 Juni

Amake Bwanamkubwa,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko, inu ndi amayi? Nanga mwana wathuyo akudzuka bwanji? Ine ndili bwino, kungoti kuno kwazizira, m'mawa madzi a pampopi amaluma zala. Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi aja, pamodzi ndi bulangeti ndi mankhwala opopera mkamwa. Ndalemba chifukwa pafoni ndimangofunsa za mwana, mayunitsi n'kutha, zina zonse n'kuiwala.

Nkhani ndi iyi. Malata adikire kaye. Ndalama ndakhala ndikusunga zija ndigulira galimoto. Musafulumire kukwiya, werengani mpaka pansi.

Chichitikireni zija, pamene mwana anabanika mvula ikugwa, minibasi n'kukanika kukwera chitunda cha dothi lofiira, inu n'kumubereka kuchoka pamlatho mpaka kumsewu wa tala, mutu wanga sunakhale m'malo. Munati pofika kuchipatala milomo yake inali itada. Mawu amenewo ndimawamva ngakhale ndili pakati ponyamula matailosi. Adokotala anakuuzani okha kuti mphumu yake imavuta nyengo ya mvula, ndipo kuti mankhwala opopera akakanika musachedwe panjira. Denga likamadontha titchera beseni, si nkhani. Koma mvula ikubwerayi isatipezenso tilibe choyendera.

Sipanala, makaniko amene ndimakhala naye chipinda chimodzi, wandifotokozera. Akuti galimoto yotsika singatithandize, izingokhula mimba pansi. Zikuluzikulu zija mtengo wake si wa anthu ngati ife, komanso zimamwa mafuta ngati zabooka. Koma zilipo zapakati, zazifupi thupi koma zazitali miyendo, ndipo zina mwa izo zimakoka ndi matayala onse anayi. Akutsogolo akaterereka, akumbuyo amakankha. Imeneyo ndiyo ndikufuna.

Tsono mundithandize chinthu chimodzi. Pitani pachitundapo, pamalo oipitsitsa paja pamene matayala anakumba uku ndi uku n'kusiya chimsana pakati. Mugoneke thabwa pamwamba pa chimsanacho, mutsitse chingwe kuchoka pathabwa kufika pansi podutsa tayala, mumange mfundo. Chingwecho mupatsire adalaivala. Ndizikayeza nacho mimba za magalimoto kuno, chifukwa wogulitsa aliyense amati yake ndiyo yokwera.

Woyendetsa adzakhala achimwene anu, poti laisensi ali nayo. Koma musawauze zambiri, nkhani ingafike kumsika galimoto isanagulidwe.

Mwana asamakhale kufupi ndi utsi. Chipewa chija azivala, akalira alire.

Ndine bambo ake a mwana.


Lamulungu, 14 Julayi

Amake Bwanamkubwa,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti mwezi uno sanabanike ngakhale kamodzi, ndiponso kuti wayamba kulamula agogo ake kuti amupatse mpando. Dzina lija sitinalakwitse. Ine ndili bwino. Zilembo zikaoneka zopindika musadabwe, dzanja lamanja lili ndi bandeji. Bokosi linangonditsamira pang'ono kuntchito, si zoti n'kuuza amayi.

Chingwe chafika, zikomo. Ndimayenda nacho m'thumba la malaya, muli mapepala anga.

Lamulungu lililonse ndikupita kumene amagulitsa magalimoto akale. Ndi msewu wautali, mipanda ya waya mbali zonse, magalimoto atatsukidwa mpaka matayala akunyezimira. Ndikafika sindiyang'ana mtundu. Ndimagwada, n'kugona chammbali, n'kupisa dzanja kunsi, kuyeza kuchoka pachitsulo chotsikitsitsa kufika pansi. Anyamata otsuka magalimoto andipatsa kale dzina, akuti Achingwe. Akandiona patali amayamba kuyala katoni pansi kuti ndigonepo. Aseke, mwana si wawo.

Mkulu wina wovala tayi anandigwira pamkono n'kundionetsa yoyera. Yokongola, Amake mwana, osanama. Denga lagalasi, mipando yotentha yokha, kawailesi kakanema koonetsa zakumbuyo. Ndinamufunsa ngati matayala akumbuyo amakoka. Anayamba kundiuza za mipando. Ndinafunsanso. Anati ayi, amakoka akutsogolo okha, koma masiku ano misewu ndi yabwino. Ndinamuuza kuti msewu wathu sanauone. Ndipo pachingwe inaperewera kutali.

Chimene ndaphunzira n'chakuti zambiri zooneka zazitalizi ndi maonekedwe chabe. Thupi n'limodzimodzi, koma ina imakoka awiri, ina anayi, ndipo munthu ukangoyang'ana kunja sungadziwe. Sipanala akuti ndisakhulupirire zilembo zomata kumbuyo, zimagulitsidwa pamsika.

Mpaka pano palibe yakwana chingwe. Chimsana chimenechi chinakula choncho liti? Komabe nthawi ilipo, mvula ili kutali.

Ndatumiza kangachepe. Mugule sopo ndi nsapato za mwana zotseka, zokulirapo kuti zimufikitse chaka chamawa.

Ndine bambo ake a mwana.


Lamulungu, 11 Ogasiti

Amake Bwanamkubwa,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndilipo. Kuntchito akapitawo andichotsa konyamula, andiika pageti kuti ndizitsegulira malole mpaka dzanja lichire. Ntchito yake ndi yopepuka, malipironso apepuka. Zina tidzakamba pamaso.

Lero ndikulemba mtima uli m'malo, koma sabata yatha ndinatsala pang'ono kutaya thukuta langa lonse. Ndinapeza yofiira kwa munthu wina wogulitsira pakhomo pake. Yaitali bwino, matayala akuluakulu, ndipo ndiyo yoyamba kukwana chingwe, mpaka kutsalako kampata. Mtengonso unali wachifundo. Mwini wake anati pali wina akubwera nazo ndalama madzulo, ndiye ngati ndikuifuna ndipereke chikole pompo. Ndalama zinali m'sokosi. Ndinawerama kuti ndizitulutse, kenaka ndinangoti ayi, Sipanala aione kaye.

Sipanala anabwera ndi jeke, n'kulowa kunsi. Sanachedweko. Anatuluka akupukuta m'manja, n'kundifunsa kuti, “Achingwe, mukugula galimoto kapena wilibala?” Chitsulo chachitali chimene chimapititsa mphamvu ku matayala akumbuyo munalibemo. Chinaonongeka, n'kungochichotsa. Matayala akumbuyo ankangotsatira ngati ngolo. Utali uja unali wa matayala osakhala ake. Mwini wake anati iye sadziwa kanthu, anaigula choncho. Tinangomutsanzika.

Panjira ndinakhala pamwala. Ndinkangoona inu ndi mwana muli m'kati mwake pachitunda paja, matayala akungozungulira pamalo amodzi. Sipanala ndinamugulira chakumwa, wandipulumutsa.

Achimwene anu anandiimbira. Kodi sindinati musawauze zambiri? Akuti ndigule ya mipando isanu ndi iwiri kuti masiku amene mwana ali bwino azinyamula anthu, ndalama tizigawana. Ndawauza mwaulemu kuti alamu, imeneyi si ya matola. Mwana akabanika galimoto ili kumsika ndi matumba a eni ake, ndiye tagulanji?

Chondidetsa nkhawa n'chakuti kupatula yabodzayo, palibe ikukwana. Zokwana ndi zikuluzikulu zokha, ndipo zimenezo ngakhale nditagwira zaka zina ziwiri sindingazifike. Mwina ndalakwitsa ndine, chifukwa chingwe chitafika ndinamasula mfundo yanu n'kuikweza zala zinayi, poganiza kuti galimoto ikanyamula anthu imatsika. Koma zala zinayi n'chiyani? Mundiuze ngati pali njira ina yozungulira chitundacho, ngakhale yodutsa m'minda.

Ndine bambo ake a mwana.


Lamulungu, 15 Sepitembala

Amake Bwanamkubwa,

Moni, moni. Ife kuno tili bwino, ndipo chilandirireni kalata yanu m'chipinda muno simukutha kuseka.

Ndiye mukuti inunso pomanga mfundo munaonjezera zala zinayi, kuopa kuti mvula ikayamba msewu udzakumbika? Ndipo amayi, amene anakugwirirani thabwa, anati zinayi n'zochepa, mwana ndi mmodzi yekhayu, n'kuikaponso zawo? Ndinawerenga kawiri. Ndinamuwerengera Sipanala, anaseka mpaka kugwa pabedi. Akuti banja lonse limafuna kugulira mwana thirakitala. Miyezi iwiri ndakhala ndikugubuduka pansi pa magalimoto abwinobwino n'kumawanyoza, mathalauza awiri atha m'mawondo, chifukwa cha zala za anthu atatu.

Sindikukudzudzulani. Tonse tinachita mantha amodzi, kungoti aliyense anachita mwakachetechete.

Tachotsa zala zanga ndi za amayi, tasiya zanu, poti zoti msewu udzakumbika n'zoona. Ndabwereranso kumipanda kuja. Anyamata aja atandiona anati Achingwe auka. Tsopano zokwana zilipo, ndipo zokoka anayi zenizeni ndapeza ziwiri. Sipanala walowa kunsi kwa zonse, chitsulo chija chilimo.

Ina ndi yabuluu, yatsopanoko, ya dizilo, koma ilibe tayala la sipeya, akuti masiku ano amaika kabotolo komatira. Kabotolo kangamate tayala long'ambika ndi mwala? Ina ndi yotuwa ngati phulusa, yakaleko, ya petulo, sipeya yake ndi tayala lenileni lofanana ndi anzake. Mwini wake ndi mayi wina wachikulire amene maso ayamba kumuvuta. Anandionetsa mapepala a ku galaja kuyambira pamene anaigula. Vuto lake chitseko chakumbuyo chinaphwanyikako, ndipo m'kati mumanunkha galu. Ubweya wa galu ndi chifuwa cha mwana siziyenderana, ndiye zimenezo zikundiganizitsa.

Pitani kwa amakaniko a pafupi ndi chigayo, muwaonetse zithunzi ndatumiza pafonizo, muwafunse kuti ndi iti imene zipangizo zake amazipeza msanga. Galimoto yosowa zipangizo ndi khola la nkhuku.

Mwandifunsa kawiri ngati imene ndigule idzakhala yosintha yokha magiya. Yotuwayo ndi yotero. Koma achimwene anu magiya amawadziwa, nanga inu zikukukhudzani pati?

Dzanja likupola. Chala chapakati chokha ndicho chikukana kupinda.

Ndine bambo ake a mwana.


Lamulungu, 20 Okutobala

Amake Bwanamkubwa,

Ndikupatsani moni ndi mtima wopepuka. Ndagula. Ndi yotuwa ija, monga anenera amakaniko akwanuko.

Tisanapereke ndalama tinapempha mayi uja kuti tikaiyese. Sipanala anaipititsa kuseri kwa ntchito kwathu, pali chitunda cha mchenga wa omanga, tinathirapo madzi ndi paipi. Ine ndinagwada pambali kuti ndione ndi maso anga. Akutsogolo atayamba kuterereka, ndinaona akumbuyo akugwira, mchenga n'kuuluka, galimoto n'kukwera ngati ikupita kukagula mchere. Ndinauza Sipanala abwerezenso. Anabwereza mpaka mlonda anatithamangitsa.

Mayi uja nditamuuza chifukwa chimene ndikuigulira, anachotserako pang'ono, n'kundipatsanso kampando ka mwana kamene kanali ka mdzukulu wake. Mipando yonse tinaitulutsa, ndaitsuka ndi dzanja limodzi, ndaiyanika padzuwa. Za galu zatha, ndanunkhiza paliponse.

Ibwera ndi mnzawo wa adalaivala a basi, mapepala ake onse ali m'kabokosi ka kutsogolo. Ndinafuna kubwera nawo limodzi, koma ndikachoka panopa malo anga apageti ndiwapeza pali wina. Komanso pali nkhani ina ya dzanjali imene ndikuyembekezera ku ofesi.

Tsono mumvetsetse izi.

Makiyi azikhala ndi inu, osati achimwene anu. Iwo aziwalandira pamene pali ulendo wa mwana kapena wa amayi, pobwera azibweza.

Mafuta asatsike kupitirira theka. Kasingano kakafika pakati, muziona ngati atha.

Poimika izipenya kugeti, kuti pothamanga pasakhale zobwerera m'mbuyo.

Tayala limodzi likatha musagule lililonse lopezeka pamsika. Sipanala akuti zokoka anayizi zimafuna matayala ofanana, mukasakaniza mumapha chitsulo chodula chija. Muziyamba mwandifunsa.

Sabata iliyonse izilizidwa ngakhale palibe ulendo, batire lingagone.

Anthu adzabwera, wina maliro, wina ukwati, wina mbuzi yake. Wodwala yekha musamukanize. Enawo muziti mwini wake ndi wovuta, mundinamizire ine, ndili kutali sindimva.

Mwana mumuuze kuti galimotoyo ndi yake, koma hutala asaizolowere.

Ndine bambo ake a mwana.


Lachitatu, 11 Disembala

Amake Bwanamkubwa,

Muli bwanji? Ine thupi lili bwino koma mtima ayi. Ndalemba mothamanga, basi inyamuka masana ano.

Zoti achimwene anu anakwiya ndazimva kwa adalaivala, osati kwa inu. Akuti anafuna kupita nayo kukatenga feteleza wa anthu, inu munakana makiyi, iwo anati sangakhale wantchito wa mlongo wawo, ndipo apita kukagwira ntchito ya malole kutali. Chifukwa chiyani pafoni mumangoti zonse zili bwino?

Kukana munakana bwino, ndinanena ndine. Koma tsopano mvula yayamba, galimoto ili pakhomo, woyendetsa palibe. Ndagula chitsulo choti mwana azichiyang'ana pawindo? Chakudya sichikulowa. Ndawaimbira alamu, sakuyankha. Muwapepese m'malo mwanga. Ngati akufuna matola a Loweruka lokha, avomereni, bola Lamulungu izigona pakhomo. Apo ayi funsani amakaniko a pachigayo ngati angalole kuti muziwadzutsa zikavuta, tidzawalipira.

Adalaivala akutinso galimotoyo imaoneka madzulo pabwalo la mpira la kusukulu, ikungozungulira. Ndani akuseweretsa mafuta? Ndalama ya chitseko cha bafa ndinatumiza ija akuti chitseko sichinaikidwe. Sindikukuganizirani zoipa, koma mundiuze zoona.

Mankhwala opopera ena ali m'phukusimo. Amodzi azikhala m'chikwama chanu nthawi zonse.

Yankhani msanga.

Bambo ake a mwana.


Lamulungu, 2 Febuluwale

Amake Bwanamkubwa,

Moni kwa inu, moni kwa amayi, moni kwa mwana wanga. Ine ndili bwino, bwino kwenikweni, kuposa masiku onse chibwerereni kuno.

Pafoni paja sindinayankhule zomveka, mundikhululukire. Ndinali pageti, lole ikuliza hutala kuti nditsegule, ine ndangogwira foni. Tsono ndilembe bwinobwino.

Amayi andifotokozera zonse, mwina kuposa mmene munanenera inu. Akuti mvula inayamba m'mawa osakata, pofika masana mwana anayamba kulira m'chifuwa. Munamupopera, osasintha. Munamupoperanso, mapewa akungokwera. Amayi anati athamangire kwa amakaniko, inu munati nthawi palibe, n'kutenga makiyi. Akuti anakufunsani kuti mukupita nawo kuti, inu munangoti, “Amayi, khalani kumbuyo mumugwire, musandiyankhulitse.” Akuti pachitunda panali lole itatitimira, anthu ataima pambali akukuimikani ndi manja kuti simudutsa, inu munalambalala cha kumphepete, matope akuuluka mpaka padenga, galimoto ikugwedeza matako koma osaima. Amayi akuti anatseka maso n'kuyamba nyimbo ya kutchalitchi, potsegula muli pa tala.

Ndiye bwalo la mpira lija munali inu. Ndalama ya chitseko inapita kwa amakaniko kuti akuphunzitseni. Munayamba achimwene anu asanachoke n'komwe, chifukwa mumawadziwa kuposa ine. Mukanandiuza ndikanakana, ndikudziwa, ndikanati mugwetsa mwana mumtsinje. Ine miyezi yonse ija ndinkayeza mimba za magalimoto, osaganizako kuti tsiku loipalo pakhomo padzakhala ndani. Bafa likhale ndi chiguduli chomwecho chaka china, palibe wafa nacho.

Bampala mukuti inatsala pachitunda musadandaule nayo, ndi pulasitiki. Koma amakaniko alowe kunsi aone ngati simukudontha mafuta, ndipo matope a m'matayala muwachotse asanaume. Laisensi mukatenge mwezi uno, ndatumiza ndalama yake, apolisi sadzamva za mphumu. Achimwene anu akabwera musawanyoze, apatseni moni bwino, koma makiyi ndi anu.

Nkhani ya dzanja ija yatha, andipatsa kangachepe, ndipo akapitawo alola kuti ndibwere mu Epulo. Mudzanditenge kudepoti ndinu. Ine kuyendetsa sindidziwa, ndidzakhala kumbuyo ndi Bwanamkubwa.

Chinthu china. Dzulo lija mutatuluka m'chipatala, pamene munaika foni pachifuwa pake ali m'tulo kuti ndimve, munkafunsa kuti halo, mulipo, ine osayankha. Ndinalipo. Ndinkamvetsera ngati muli kaphokoso kaja. Munalibe, mpweya unkangolowa n'kutuluka. Foni sinaduke chifukwa cha netiweki, anatha ndi mayunitsi. Mawa ndigula ena, mudzamuikenso.

Ndine amuna anu,
bambo ake a mwana.